Mfuti ya mpweya nayo imapha: mwambo ndi chitetezo pabwalo lowomberapo chandamale

Mendulo yoyamba ya golide pa masewero a Olimpiki a chaka cha 2024 idapambanidwa ndi mfuti zosagwiritsa ntchito wonga. Pa 27 Julayi chakacho, mu mzinda wa Châteauroux m'dziko la France, Huang Yuting ndi Sheng Lihao a ku China adapambana mpikisano wa awiriawiri wowombera chandamale pa mtunda wa mamita 10 pogwiritsa ntchito mfuti za mpweya.

Anthu amene adaonerera mpikisanowo pa kanema adachita chidwi ndi kudekha kwa owomberawo komanso mapointi amene ankatuluka pa bolodi. Ndi ochepa amene adalabadira za kachingwe ka pulasitiki kowala kamene wowombera aliyense amalowetsa mu mpope wa mfuti yake akangomaliza kuwombera, asanaitule pansi kapena kutembenuka kuti agwirane chanza ndi anzake.

Komatu kachingweko ndi kamene kamafotokoza bwino chifukwa chimene anthu ambiri, kuphatikizapo ana asukulu, amatha kuima pamzere umodzi, aliyense ndi mfuti m'manja, ndi kubwerera kwawo ali bwinobwino. Pabwalo loyendetsedwa bwino, mawu akuti "mulibe chipolopolo" sakwanira. Mwini mfuti amayenera kupereka umboni woti aliyense auone ndi maso, ndipo amatero nthawi zonse, kaya ndi katswiri wa dziko lonse kaya ndi wophunzira wa tsiku loyamba.

Mfuti ya mpweya ndi yotani

Mfuti ya mpweya imakankha chipolopolo pogwiritsa ntchito mpweya wopanikizidwa. Mitundu yodziwika kwambiri ilipo itatu. Woyamba ndi wa sipuling'i, umene nthawi zambiri munthu amachita kupinda mpope wake kuti atchere sipuling'iyo ndi kuika chipolopolo. Wachiwiri umakhala ndi kathanki ka mpweya wa carbon dioxide. Wachitatu, umene akatswiri a mipikisano amagwiritsa ntchito masiku ano, umakhala ndi thanki imene imadzazidwa mpweya wamba kuchokera ku pampu yamphamvu kapena ku thanki ina yaikulu.

Mipikisano ya padziko lonse imayendetsedwa ndi bungwe la International Shooting Sport Federation, lomwe limadziwika mwachidule kuti ISSF. Bungweli lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1907 ndipo likulu lake lili ku Munich m'dziko la Germany. Mfuti yaitali ya mpweya idalowa m'masewero a Olimpiki mu 1984 ku Los Angeles, pamene yaifupi yogwira ndi dzanja limodzi idalowa mu 1988 ku Seoul.

Malinga ndi malamulo a bungweli, chipolopolo chimakhala cha mamilimita 4.5 m'mimba mwake. Kulemera kwake kumangopitirira pang'ono theka la galamu, ndipo pa chandamale cha mfuti yaitali, kadontho ka pakati kopatsa mapointi 10 ndi ka theka la milimita basi.

Kuchepa kwa chipolopoloku ndi kumene kumanyenga anthu ambiri kuti aziyesa mfutiyi chidole. Chipolopolo cha mfuti ya mpikisano chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 170 pa sekondi, kutanthauza makilomita oposa 600 pa ola, ndipo mfuti zambiri zosakira mbalame ndi zamphamvu kuposa pamenepa. Pa liwiro lotere chipolopolo chimaboola khungu, chimaphulitsa diso, chimatha kudutsa pakati pa nthiti mpaka kufika ku mapapo kapena mtima, komanso chimatha kuboola chigaza, makamaka cha mwana chimene fupa lake ndi lopyapyala.

Mbiri nayo ikuchitira umboni. Cha m'ma 1780, asilikali a dziko la Austria adayamba kugwiritsa ntchito pankhondo mfuti ya mpweya yotchedwa Girardoni, ndipo adaisunga kwa zaka zoposa 30.

Imfa imene idasintha lamulo

M'mwezi wa Malichi 2005, m'dera la Easterhouse mu mzinda wa Glasgow ku Scotland, mwana wa zaka ziwiri adawomberedwa m'mutu ndi mfuti ya mpweya atanyamulidwa ndi mkulu wake pamsewu. Mwanayo adamwalirira kuchipatala patangopita masiku ochepa. Bambo amene adawomberayo, yemwe adali pazenera la nyumba, adapezeka wolakwa pa mlandu wakupha ndipo adagamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse.

Makolo a mwanayo adalimbikira kwa zaka zambiri kupempha kuti malamulo akhwime. M'chaka cha 2015 nyumba ya malamulo ya Scotland idavomereza lamulo latsopano, ndipo kuyambira pa 31 Disembala 2016 munthu wokhala ndi mfuti ya mpweya m'dzikomo amayenera kukhala ndi chiphaso chochokera kupolisi.

Zimene zidachitika ku Glasgow zidachitikira pamalo pamene padalibe woyang'anira, padalibe chandamale chokonzedwa, ndipo kutsogolo kwa mfuti kudali anthu. Malamulo onse a pabwalo lowomberapo adakonzedwa ndi cholinga chotseka mipata itatu imeneyi.

Mfundo zimene wophunzira amayambira

Asanaloledwe kukhudza chipolopolo, wophunzira amaphunzitsidwa mfundo zingapo zimene sizisintha kulikonse.

Yoyamba ndi yoti mfuti iliyonse imatengedwa ngati ili ndi chipolopolo, ngakhale mwini wake atangoiyang'ana kumene. Ngozi zambiri za mfuti zimachitika ndi mfuti imene woigwira ankakhulupirira kuti mulibe kanthu.

Yachiwiri ndi yoti kukamwa kwa mfuti kumaloza kumalo kosaopsa nthawi zonse. Pabwalo, malo amenewa ndi kumene kuli chandamale. Wowombera akafuna kulankhula ndi mphunzitsi amene ali kumbuyo kwake, amatembenuza mutu wokha, kapena amayamba watula mfuti. Ophunzira atsopano amalakwitsa kwambiri pamenepa, makamaka ndi mfuti yaifupi, chifukwa dzanja limatsatira kumene maso apita.

Yachitatu ikukhudza chala. Chala chimakhala kunja, chitagona m'mbali mwa mfuti, mpaka pamene mfuti yaloza chandamale ndipo munthu watsimikiza zowombera. Kachitsulo kokhethemulira mfuti za mpikisano ndi kofewa kwambiri. Pa mfuti yaifupi, malamulo a ISSF amafuna kuti kasakhethemuke ndi mphamvu yochepera magalamu 500, koma pa mfuti yaitali palibe malire otere, moti kukhudza pang'ono chabe kumakwanira.

Yachinayi ndi yoti munthu azidziwa chimene akuwombera komanso chimene chili kuseri kwake.

Ubwino wa mfundozi ndi woti zimatetezana. Munthu akaiwala kuti m'mfuti muli chipolopolo koma mfutiyo ikuloza kuchandamale, chipolopolo chimakagwera pamalo pake. Kuti wina avulale, pamafunika kuti mfundo ziwiri kapena zitatu ziphwanyidwe nthawi imodzi.

Chifukwa chake kachingwe n'kofunika

Pa mfuti ya wonga, munthu akatsegula mfuti chipolopolo chimatuluka kapena chimaoneka. Mfuti ya mpweya ndi yosiyana. Chipolopolo chake chikalowetsedwa mu mpope chimakanirira momwemo, sichituluka potsegula, ndipo n'chovuta kuchiona. Munthu atha kutsegula mfuti, kusuzumira, n'kulumbira kuti mulibe kanthu pamene chipolopolo chili m'kati.

Pa chifukwa ichi, malamulo a ISSF amafuna kuti kachingwe ka chitetezo ka mfuti ya mpweya kakhale katali kodutsa mpope wonse, nsonga imodzi ioneke kumene kumalowera chipolopolo ndipo ina ioneke kukamwa kwa mfuti. Ngati kachingwe kadutsa, ndiye kuti mu mpope mulibe chipolopolo. Kamakhala ka mtundu wa lalanje kapena mtundu wina wowala kuti woyang'anira bwalo athe kukaona ali patali.

Mfuti imafika pabwalo ili m'chikwama kapena m'bokosi lake, ndipo imatulutsidwa woyang'anira akapereka chilolezo. Kachingwe kamachotsedwa pokhapokha malamulo ndi woyang'anira akaloleza. Wowombera akafuna kuchoka pamalo pake, ngakhale kungopita kukamwa madzi, amatsegula mfuti, kubwezeretsa kachingwe ndi kuitula ikuloza kuchandamale. Pomaliza, mfuti sibwezedwa m'bokosi woyang'anira asanaione, ndipo wochita zimenezi popanda chilolezo atha kuchotsedwa mu mpikisano.

Mawu a woyang'anira bwalo

Pabwalo pamakhala munthu mmodzi amene mawu ake ndi lamulo. Pa mipikisano ya ISSF mawu olamula amaperekedwa m'Chingerezi ndi cholinga choti owombera a mayiko onse amve chimodzimodzi. Mawu akuti LOAD amalola kuika chipolopolo, START amalola kuyamba kuwombera, STOP amaimitsa kuwombera pompopompo, ndipo UNLOAD amalamula kuchotsa chipolopolo ndi kubwezeretsa kachingwe.

Mawu akuti STOP akamveka, chala chimachoka pa chokhethemulira nthawi yomweyo, ngakhale munthu atatsala pang'ono kuwombera chipolopolo chimene chikadamupatsa mendulo. Wowombera saona zonse zimene zikuchitika chifukwa diso lake limakhala pa kadontho kamodzi. Woyang'anira ndiye amaona chitseko chikatseguka, mwana akadutsa malire kapena galu akalowa m'bwalo.

Udindo woona zoopsa sukhala wa woyang'anira yekha. Malamulo amafuna kuti wowombera aliyense kapena mphunzitsi amene waona chinthu choopsa adziwitse oyang'anira msangamsanga, ndipo m'makalabu ambiri aliyense amene ali pabwalo amaloledwa kufuula mawu oimitsa kuwombera. Wophunzira wamng'ono amene waimitsa kuwombera chifukwa chokayikira sadzudzulidwa, ngakhale zitadziwika kuti padalibe vuto. Paja akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ophwanya malamulo amalangidwa ndi makhadi. Khadi lachikasu ndi chenjezo, lobiriwira limachotsetsa mapointi, ndipo lofiira limachotsa munthu mu mpikisano. Kulozetsa mfuti kwa anthu ndi mlandu umene umatha kubweretsa khadi lofiira popanda chenjezo loyamba.

Mfuti ikavuta kapena wina akapita kutsogolo

Nthawi zina mfuti imakana kuwomba, kapena munthu amaika zipolopolo ziwiri mosazindikira. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amachita mantha n'kuyamba kuitembenuza mfuti kuti aone chimene chalakwika, ena mpaka kusuzumira kukamwa kwake.

Njira yoyenera ndi yosavuta. Wowombera amasunga mfuti ikuloza kuchandamale, amachotsa chala, ndipo amakweza dzanja limene silinagwire mfuti kuti woyang'anira abwere. Woyang'anira ndiye amanena chochita, kaya kuwombera chipolopolocho m'chotchingira kapena kuchikankha ndi kandodo kotsukira mpope mfuti itatsegulidwa.

Mabwalo amakono ali ndi zandamale za magetsi zimene zimawerenga mapointi zokha, ndipo ena ali ndi zingwe zobweretsa pepala la chandamale kwa wowombera. Koma m'mabwalo ang'onoang'ono anthu amapitabe kutsogolo kukasintha mapepala. Zisanatero, mfuti zonse zimatsegulidwa, tizingwe timalowetsedwa, mfuti zimatulidwa, ndipo owombera amabwerera m'mbuyo. Munthu akadali kutsogolo, palibe amene amaloledwa kukhudza mfuti, ngakhale kungoipukuta kapena kukonza galasi lake. Kuwombera kumayambanso woyang'anira akaona ndi maso ake kuti aliyense wabwerera.

Kuseri kwa chandamale

Chipolopolo chikaboola pepala chimapitirira ulendo, choncho kuseri kwa chandamale chilichonse kumakhala chotchingira. Nthawi zambiri chimakhala bokosi lachitsulo lokhala ndi chitsulo chopendekeka chimene chimaphwanya chipolopolo ndi kuchigwetsera pansi m'bokosimo. Khoma lonse la kuseri nalo limayenera kukhala lotha kuimitsa chipolopolo chophonya.

Vuto lalikulu ndi kunjanja kwa chipolopolo. Chikamenya mwala, khoma la simenti, thabwa louma, tayala kapena pamwamba pa madzi, chimatha kusintha njira kapena kubwerera kumene chachokera. Timipira tachitsulo timene mfuti zina za mpweya zimagwiritsa ntchito timanjanja kwambiri kuposa zipolopolo za mtovu, n'chifukwa chake mabwalo ambiri amatiletsa. Kuwombera mabotolo agalasi nako kumamwaza zidutswa zakuthwa. Pa zifukwa zimenezi, owombera ndi oonerera amene ali pafupi amalimbikitsidwa kuvala magalasi oteteza maso osasweka.

Panja pamafunika kusamala koposa chifukwa chipolopolo chowomberedwa m'mwamba chimatha kuyenda mamita mazana angapo chisanagwe. M'masewero otchedwa Field Target, amene adayambira ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, owombera amayenda m'nkhalango kapena m'munda kuwombera zandamale zachitsulo zimene zina zimakhala pa mtunda wa mamita 50. Wowombera aliyense amakhala ndi mpata wake wodulidwa malire, ndipo mfuti imaikidwa chipolopolo pokhapokha kukamwa kwake kutadutsa mzere wowomberapo. Posamukira ku mpata wina, mfuti imayenda yopanda chipolopolo. Popeza mawu safika patali m'nkhalango, oyang'anira amagwiritsa ntchito wezulo: kulira kamodzi ndiye kuti aliyense aleke kuwombera, kulira kawiri ndiye kuti ayambirenso.

Thanki ya mpweya ndi sipuling'i

Mfuti ya mpweya imatha kuvulaza ngakhale ilibe chipolopolo. Thanki ya mfuti ya mpikisano imadzazidwa mpaka mlingo wa 200 bar, umene ndi mphamvu yoposa maulendo 80 mphamvu ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Thanki yotere ikaphulika imamwaza zitsulo.

Thanki iliyonse imakhala ndi tsiku limene idapangidwa komanso mlingo umene siyenera kupitirira. Malamulo a ISSF salola thanki yoposa zaka 10, ndipo ndi udindo wa wowombera kuonetsetsa kuti yake sidapitirire nthawi. Thanki yopindika, yadzimbiri kapena yogwa pansi mwamphamvu imayenera kuchotsedwa mpweya ndi kusiyidwa. Podzaza, mpweya umalowetsedwa pang'onopang'ono chifukwa kudzaza mwaphuma kumatenthetsa thanki. Kusiya thanki yodzaza m'galimoto yotsekedwa padzuwa nako n'koopsa chifukwa kutentha kumakweza mphamvu ya mpweya.

Akatswiri amachenjezanso kuti thanki isadzazidwe ndi mpweya wa okisijeni wa kuchipatala kapena wowotcherera zitsulo, ndipo mafuta agalimoto asapakidwe pamalo olowera mpweya, chifukwa mafuta akakumana ndi mpweya wopanikizidwa chotere amatha kuyaka ndi kuphulika.

Mfuti ya sipuling'i ili ndi msampha wakewake. Mpope ukapindidwa, sipuling'i imakhala itatcheredwa, ndipo ikafwamphuka pamene zala zikuika chipolopolo, mpope umabwerera mwamphamvu n'kuphwanya zalazo kapena kumenya nkhope. Choncho dzanja limodzi limagwirabe mpope mwamphamvu pamene lina likuika chipolopolo, chala chili kutali ndi chokhethemulira.

Mtovu, mdani wosaoneka

Zipolopolo zambiri za mfuti ya mpweya ndi za mtovu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ukudziwika kuti ndi wosaopsa. Mtovu umawononga ubongo wa ana ndi kuchepetsa nzeru zawo, umavulaza mwana amene ali m'mimba, ndipo kwa akuluakulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso.

Pa mfuti ya mpweya, mtovu umalowa m'thupi makamaka kudzera m'manja ndi m'kamwa, komanso kudzera m'fumbi la pa chotchingira pamene zipolopolo zimaphwanyikira. Kaamba ka ichi, kudya ndi kusuta pamzere wowomberapo kumaletsedwa, ndipo aliyense amasamba m'manja ndi sopo akamaliza. Chizolowezi chosunga zipolopolo m'kamwa, chimene anyamata ena osaka mbalame ali nacho pofuna kuika chipolopolo msanga, n'choopsa kwambiri.

Poyeretsa bwalo, kusesa pouma kumaulutsa fumbi la mtovu, choncho pansi pamakolopedwa ndi madzi kapena pamayeretsedwa ndi makina okhala ndi sefa yogwira fumbi losalala. Ntchito yochotsa zipolopolo zophwanyika m'zotchingira imagwiridwa ndi akuluakulu ovala magolovesi, ndipo ana sayenera kupatsidwa ntchito imeneyi.

Khalidwe la wowombera

Pa masewero omwewo a 2024, chithunzi cha Yusuf Dikeç wa ku Turkey chidafala pa intaneti. Iye adapata mendulo ya siliva pa mpikisano wa awiriawiri wa mfuti yaifupi ataima dzanja lina lili m'thumba, osavala zida zambiri zimene ena amavala. Ambiri adaona ngati ndi munthu wongosewera. Zoona zake n'zoti mfuti yaifupi imawomberedwa ndi dzanja limodzi, ndipo kuika linalo m'thumba kapena palamba ndi njira yodziwika yothandiza thupi kuti lisagwedezeke. Iye adatsata malamulo a kachingwe ndi mawu a woyang'anira monga wina aliyense.

Pa masewero omwewo, Ban Hyo-jin wa ku South Korea adapambana golide pa mfuti yaitali ali ndi zaka 16 zokha. Izi zikusonyeza kuti masewerowa amalandira achinyamata, ndipo pa chifukwa chomwecho khalidwe la akuluakulu pabwalo limakhala phunziro kwa ana. M'mera mpoyamba.

Munthu amene wamwa mowa, wasuta chamba kapena wamwa mankhwala opatsa tulo saloledwa kugwira mfuti. Wokwiya kapena wosokonezeka maganizo amalangizidwa kukhala pansi tsiku limenelo. Nthabwala zolozerana mfuti ziliponso m'gulu la zoletsedwa, ngakhale mfutiyo ili ndi kachingwe.

Mfuti ya munthu wina sikhudzidwa popanda chilolezo cha mwini wake. Popatsirana, woperekayo amatsegula mfuti ndi kuonetsa kuti mulibe chipolopolo, ndipo wolandirayo amayang'ananso yekha. Oonerera amakhala kumbuyo kwa mzere wawo, mafoni atazimitsidwa mawu, ndipo kujambula ndi kuwala kwa kamera kumaletsedwa chifukwa kumathobwa m'maso owombera. Mwana aliyense amene akuphunzira amakhala ndi munthu wamkulu pafupi, woti atha kugwira mpope wa mfuti ngati mwanayo atayamba kutembenuka.

Ngozi ikachitika

Bwalo lililonse limayenera kukhala ndi bokosi la chithandizo choyamba, munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito ndi njira yofikira kuchipatala msanga. Wina akavulala, choyamba ndi kuimitsa kuwombera ndi kuonetsetsa kuti mfuti zonse zatulidwa.

Bala la chipolopolo cha mfuti ya mpweya limaoneka laling'ono ndipo nthawi zina silitulutsa magazi ambiri, pamene m'kati chipolopolo chafika patali. Munthu wowomberedwa m'mutu, m'khosi, pachifuwa kapena pamimba athamangitsiridwe kuchipatala ngakhale akuyenda ndi kulankhula bwinobwino. Kuyesa kuchotsa chipolopolo ndi singano, lumo kapena mpeni kumawonjezera vuto. Diso lovulala lisatikitidwe kapena kupanikizidwa. Liphimbidwe ndi chinthu chosalikhudza, monga kapu yapepala, mpaka dokotala alione.

Makalabu osamala amalembanso m'buku zochitika zimene zikadatha kuvulaza munthu koma sizidatero, monga mfuti yowomba mwangozi, ndipo amazikambirana kuti zisadzachitikenso.

Mfuti ikafika kunyumba

Malamulo a mfuti za mpweya amasiyana dziko ndi dziko, ndipo izi zikukhudza Amalawi ambiri amene akukhala ku Britain ndi ku South Africa, kumene mfutizi zimagulitsidwa m'masitolo.

Ku England ndi Wales, mfuti yaitali ya mpweya yoposa mphamvu ya 12 foot-pounds, imene ndi pafupifupi ma joule 16, imafuna chiphaso. Munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kugula mfuti ya mpweya, ndipo mwana wosakwana zaka 14 amawombera pokhapokha akuyang'aniridwa ndi munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo. Ndi mlandu kulola chipolopolo kudutsa malire a malo amene munthu waloledwa kuwomberapo, ndipo kuyambira mu 2011 ndi mlandunso kulephera kusamala mfuti mpaka mwana kuipeza popanda chilolezo.

Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 silifuna chiphaso pa mfuti zing'onozing'ono za mpweya, monga za mamilimita 4.5. Komabe lamulo lomwelo limati ndi mlandu kulozetsa mfuti ya mpweya kwa munthu popanda chifukwa chomveka, kaya ili ndi chipolopolo kaya ilibe, kuiwombera m'dera lokhala anthu ambiri popanda chifukwa, kapena kuigwira utaledzera. Ku Germany, mfuti yosaposa ma joule 7.5 imadindidwa chilembo cha F ndipo imagulidwa ndi munthu amene wakwanitsa zaka 18.

Popeza chimene chili chololedwa m'dziko lina chitha kukhala mlandu m'dziko loyandikana nalo, munthu wofuna kugula mfuti ya mpweya kapena kuwoloka nayo malire ayambe wafunsa kupolisi ndi kwa oona za msonkho pachipata. Safunsa adadya phula.

Kunyumba kulibe woyang'anira bwalo, choncho mwini mfuti ndiye amasenza udindo wonse. Mfuti imasungidwa yopanda chipolopolo, yosatcheredwa, m'kabati yokiyidwa, zipolopolo zili pena, ndipo kiyi amakhala kumene ana sangamupeze. Kubisa mfuti pamwamba pa kabati kapena kunsi kwa bedi sikuteteza aliyense chifukwa ana amadziwa malo onse obisika m'nyumba. Poyenda nayo, mfuti imakhala m'chikwama chotseka, chifukwa wapolisi kapena munthu wodutsa sangasiyanitse mfuti ya mpweya ndi ya wonga ali patali.

Makolo amene mwana wawo wasonyeza chidwi ndi kuwombera angachite bwino kupita naye ku kalabu yovomerezeka kumene kuli aphunzitsi, ndi kukhala naye pa phunziro loyamba. Pofika kumeneko ayang'ane ngati mfuti zotulidwa zili ndi tizingwe, ngati pali munthu mmodzi wodziwika amene akupereka mawu olamula, ndiponso ngati aliyense akuima iye akanena kuti STOP. Zitatuzi zikasowa, bwalolo si loyenera kusiyapo mwana.